Dzitaipireni Nokha Kalata Yanu

 Lero ndikufuna tikambirane za ntchito imene ambiri a ife timalipira ena kuti atigwirire, chonsecho tingathe kuiphunzira m'masiku owerengeka: kutaipa kalata pa kompyuta, kuisunga, ndi kuitulutsa pa pepala.

Mukayenda m'malokeshoni mwathu muno mu Lilongwe, kaya ndi pamsika wa Nsungwi kaya m'mbali mwa msewu wa ku Likuni, simulephera kuona kashopu kolemba pakhomo kuti amataipa, amapulinta ndi kuchita fotokope. M'katimo muli kompyuta imodzi kapena ziwiri, pulinta, ndi mtsikana kapena mnyamata wa zala zothamanga. Pabenchi pamakhala anthu, aliyense ndi pepala lake lolemba pamanja. Wina ali ndi kalata yofunsira ntchito ku Kanengo poti nyengo ya fodya yayandikira, wina malamulo a banki m'khonde, wina ndondomeko ya mwambo wa maliro imene ikufunika mawa m'mamawa, wina mgwirizano wa lendi, wina kalata yogulitsirana puloti yoti akasainitse kwa amfumu. Mashopu amenewa ndi ofunika, ndipo achinyamata amene amagwiramo ntchito ndimawapatsa ulemu, amadya thukuta lawo. Sindinabwere kudzawalanda makasitomala, pulinta yawo tidzaifunabe.

Koma pali chinthu chimodzi chimene chimandiwawa mumtima, ndipo n'chimene chandiyankhulitsa lero. Mnyamata amene wamaliza Fomu 4 amalowa m'kashopu kaja chimanjamanja, n'kunena kuti, "Achemwali, tandipangirani CV." Achemwali aja ali ndi anthu ena akudikira pabenchi, sangayambe kumufunsa mbiri ya moyo wake wonse. Amatsegula CV ya munthu wa dzulo, n'kusintha dzina, tsiku lobadwa ndi sukulu, basi yatha. Kalata yofunsira ntchito nayonso chimodzimodzi. Ndiye taganizani bwana amene akulemba anthu ntchito ku Kanengo kapena ku City Centre. Patebulo pake pali mulu wa makalata, ndipo ambiri akunena mawu ofanana mzere ndi mzere. Aliyense akuti ndi wolimbikira ntchito, aliyense akuti amakonda kuwerenga mabuku ndi kuonera mpira. Mnyamata uja mwina wakhala zaka zitatu akuthandiza amalume ake pa galaja kwa Biwi, amadziwa kumasula injini, amadziwa kulandira makasitomala ndi kuwerengera ndalama zawo, koma papepala pake palibe chilichonse cha zimenezi, chifukwa amene anataipa sakuzidziwa. Nthawi zina nambala ya foni ya munthu wa dzulo uja imatsalira pomwepo, ndipo akafuna kumuitana ku intavyu, foni imakalira m'thumba la wina.

Palinso nkhani ya chinsinsi. Kalata yopempha kuti akuonjezereni nthawi yobwezera ngongole, kalata yokhudza banja limene likugwedezeka, kalata yofotokozera abwana za matenda anu, zonsezi mumazitchula mokweza kuti wotaipa amve, aneba ali pabenchi pomwepo. Kuonjezera apo pali mtengo. Mapepala ndi inki timaitanitsa kunja, choncho kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kupulinta nako kunakwera. Tsamba lililonse limene mwabweza chifukwa dzina lalakwika ndi ndalama ya ndiwo imeneyo. Munthu amene wataipa yekha, nawerenga yekha kawiri, amangopita kukatulutsa, ndipo amalipira kamodzi.

Pulogalamu yolembera imene ambiri amaidziwa ndi Microsoft Word, ya kampani ya Microsoft ya ku America. Inatuluka koyamba mu 1983, ndipo ndi imene mungaipeze m'maofesi ambiri, m'sukulu ndi m'mashopu aja. Imeneyi ndi yogula. Koma si yokhayi. Pali LibreOffice Writer, yaulere kotheratu, imene imagwira ntchito popanda intaneti mukangoiika pa kompyuta. Amaikonza ndi anthu odzipereka a m'maiko osiyanasiyana pansi pa bungwe la The Document Foundation la ku Germany. Pali Google Docs, imene imafuna akaunti ya Google ndipo imasunga yokha pa intaneti zimene mwalemba. Palinso WPS Office ya kampani ya Kingsoft ya ku China, imene ambiri ali nayo kale pafoni osadziwa kuti ndi yolembera, amangoitsegulira zikalata zimene atumiziridwa pa WhatsApp. Musataye nthawi kukangana kuti yabwino ndi iti. Mapulogalamu onsewa amakupatsani tsamba loyera ndi kamzere kothwanima kosonyeza pamene chilembo chigwere, ndipo mukaphunzira imodzi, enawo simuvutika nawo. Langizo langa ndi ili lokha: ngati mwagula laputopu yakale m'tauni ndipo Word yake ikungodandaula za laisensi tsiku ndi tsiku, musalole wina akuikireni yakuba. Ikani LibreOffice, mugone tulo.

Wina anena kuti, "Akulu inu, kompyutayo ndiitenga kuti ine?" Funso lake ndi loona. Nyumba zambiri kwa Mgona kapena kwa Chinsapo zilibe kompyuta, zina zilibe ndi magetsi omwe. Koma foni ya Android imene ili m'manja mwanumo ikhoza kulemba kalata yonse. Mutsegule WPS ija, mudine chizindikiro cha kuphatikiza, musankhe tsamba latsopano, n'kuyamba. Polemba sipafunika bandulo, bandulo idzafunika potumiza pokha. Mafoni ambiri amalolanso kulumikiza kiyibodi yeniyeni kudzera pa kachingwe kotchedwa OTG kapena pa Bluetooth, ndipo kiyibodi yakale sidula ngati laputopu. Kwa ofuna kuphunzira mwadongosolo, ku Area 23 kuli sukulu ya ntchito zamanja ya Don Bosco, mumzinda muno mulinso Lilongwe Technical College, ndipo bungwe la TEVETA, limene linakhazikitsidwa mu 1999, ndilo limayang'anira maphunziro a luso ngati amenewa. Ana athu ena akuphunzira Computer Studies ku sekondale ndipo amalemba mayeso ake a MSCE. Ngati muli naye mwana wotere pakhomo, ameneyo ndiye mphunzitsi wanu woyamba, musachite naye manyazi. Njira ina ndi kupangana ndi mwini shopu kuti nthawi imene kulibe anthu akubwerekeni kompyuta kwa ola limodzi, mumulipire monga mwagwirizana. Alembi a mipingo, a Chigwirizano cha amayi, a Dorika, a m'miphakati, a kumzikiti, makamaka inu: muli ndi zolemba sabata iliyonse, ndiye mudzaphunzira msanga kuposa wina aliyense.

Tsono mwakhala pampando, kompyuta yayaka. Dinani chizindikiro cha Windows pansi pa sikirini, mulembe dzina la pulogalamu, muitsegule, musankhe Blank document. Tsamba loyera lija lafika. Chinthu choyamba chimene chimadabwitsa munthu ndi chakuti pa kiyibodi zilembo sizinandandalikidwe kuyambira A mpaka Z. Mzere wapamwamba umayamba ndi Q, W, E, R, T, Y. Kandandalikidwe kameneka n'kakale kuposa kompyuta. Anakakonza ndi Christopher Latham Sholes wa ku Milwaukee ku America, ndipo kampani ya Remington inayamba kugulitsa makina otaipira otere mu 1874. Amayi amene anali mataipisiti ku Capital Hill likulu litasamukira kuno kuchoka ku Zomba mu 1975 ankagwira zilembo zomwezi, pamalo omwewa. Ngati agogo anu anali mmodzi wa iwo, apatseni laputopu muone mmene zala zawo zikumbukirire.

Papasani chilembo F ndi chilembo J. Mumva kuti pali timizere totukuka. Pamenepo ndi pokhala zala zanu za mkombaphala, chakumanzere pa F, chakumanja pa J, zinazo n'kutsatira m'mbali mwake, zala zazikulu zili pa batani lalitali lapansi lija limene limapereka mpata pakati pa mawu. Masiku oyamba mudzafuna kujompha ndi chala chimodzi, maso ali pansi kufunafuna chilembo. Palibe cholakwa, kalata imatha ndithu. Komabe ndikupemphani kuti muyambe msanga kuzoloweza manja onse awiri, chifukwa chizolowezi cha chala chimodzi chikakhazikika chimavuta kuchisiya. Chilembo chachikulu mumachipeza pogwira Shift ndi kudina chilembocho. Caps Lock ndi wa mutu wa kalata wokha. Kalata yonse ya zilembo zikuluzikulu imatopetsa maso, ndipo woiwerenga amamva ngati mukumukalipira. Mukalakwitsa, Backspace amafufuta chakumbuyo. Kenaka pali kamsampha kamene kamakola ambiri pa malaputopu akaunjika. Ena anachokera ku Britain, ena ku America, ndipo makiyibodi awo amasiyana pang'ono. Mukadina Shift ndi 2 pofuna chizindikiro cha imelo chija, chozungulira chokhala ndi a pakati, n'kutuluka mitengero, kompyuta sinawonongeke ayi. Yesani Shift ndi batani la nkhodolero, pafupi ndi Enter.

Amene munazolowera makina akale kapena kulemba m'kope, tamverani apa. Mukafika kumapeto kwa mzere musadine Enter. Pitirizani kulemba, pulogalamu itsitsa yokha mawu pamzere wotsatira. Enter ndi wa pamene ndime yatha. Mukamadina Enter pamzere uliwonse, tsiku limene mudzaonjezere liwu limodzi pakati, mizere yonse idzaduka mwachisawawa ndipo mudzayamba kuilumikiza umodziumodzi. Ubwino wonse wa kulemba pa kompyuta wagona pamenepa, kuti mawu mungathe kuwasuntha nthawi iliyonse. Kale taipisiti akalakwitsa ankapaka Tipp-Ex kapena kuyambiranso tsamba lonse, pamodzi ndi makope a kaboni amene anali pansi pake. Inu mungokoka mausi pamwamba pa mawuwo mpaka atasintha mtundu, mudine Ctrl ndi X kuti muwadule, mupite pamene mukuwafuna, mudine Ctrl ndi V kuti muwamate. Ctrl ndi C amakopera osadula. Ndipo awa ndiye muwaloweze pamtima: Ctrl ndi Z. Mukachita chinthu mwangozi, ndime yonse n'kuzimiririka, musakuwe, musazimitse kompyuta. Ctrl ndi Z amabweza zimene zangochitikazo, ndipo mutha kudina kangapo kubwerera m'mbuyo sitepe ndi sitepe. Ndaona anthu akuluakulu, aulemu wawo, akuopa kukhudza kiyibodi poganiza kuti aononga katundu wa eni. Munthu akangodziwa Ctrl ndi Z, mantha aja amatha.



Tsopano tafika pa nkhani imene ndikufuna tikhalepo pang'ono chifukwa yaliza anthu ambiri: kuseva, kusunga zimene mwalemba. Zimene mukuziona pa sikirini sizinasungidwe kufikira inu mutalamula. Zili ngati ufa woanika pamkeka mwezi wa Januwale, mitambo itachita bii. Tonse a mu Lilongwe tikudziwa mmene magetsi amachitira. Mbali yaikulu ya magetsi athu imachokera kumtsinje wa Shire, ku Nkula, ku Tedzani ndi ku Kapichira, kumene EGENCO imawapanga, ESCOM n'kutigulitsa. Namondwe wotchedwa Ana ataononga damu la Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo kwa nthawi yopitirira chaka tinkakhala maola ambiri mumdima. Ngakhale nyengo imene zinthu zili bwino, mayunitsi amatha osatsanzika. Kompyuta ya patebulo, magetsi akangothima nayo yathima. Laputopu ya kaunjika nthawi zambiri batire lake linatopa kale, ndiye ndi chimodzimodzi.

Choncho musadikire kumaliza. Mukangolemba mzere woyamba, pitani pamwamba kumanzere pamene palembedwa File, musankhe Save As. Kompyuta ikufunsani zinthu ziwiri: musunge pati, ndipo muipatse dzina lanji. Apa musathamange. Sankhani foda yotchedwa Documents, kapena fulashi yanu ngati kompyuta ndi ya eni. Dzina likhale loti ngakhale patapita chaka mudzalizindikire. Document1 si dzina. Liwu loti kalata palokha si dzinanso, chifukwa mwezi wamawa makalata adzachuluka. Lembani dzina lanu, nkhani yake ndi mwezi, mwachitsanzo kalata ya ntchito ya ulonda Epulo. Mukatero, ndime iliyonse ikatha dinani Ctrl ndi S, mpaka chala chizolowere chokha. Word imayesetsa kupulumutsa zina magetsi akathima, koma imachita zimenezi pakapita mphindi 10 zilizonse ngati palibe anasintha, ndipo si yoidalira.

Ndiye muchite mayeso awa tsiku loyamba lomwelo. Mukasunga, tsekani pulogalamu yonse, muimirire, mumwe madzi, mubwerenso, n'kuifunafuna fayilo ija mpaka muitsegule. Anthu ambiri amadziwa kusunga koma sadziwa kumene asunga, ndipo amatha kulumbira kuti kompyuta yawadyera kalata pamene kalatayo ili phee m'foda ina. Munthu amene angathe kulemba, kusunga, kutseka ndi kuipezanso fayilo yake, kwa ine wayamba kale kuidziwa kompyuta, ataipe pang'onopang'ono bwanji. Mukamaliza dzitumizireni nokha fayiloyo pa imelo yanu. Fulashi imagwera m'minibasi, foni imabedwa pa depoti, koma ya pa imelo mudzaipeza kulikonse kumene mungakhale, ngakhale ku Joni.

Tibwere ku maonekedwe a kalata. Zimene aphunzitsi anatiphunzitsa ku pulayimale sizinasinthe: keyala yanu pamwamba, tsiku, keyala ya kumene kalata ikupita, malonje, mutu, thunthu, ndi mathero. Chimene chasintha ndi kaikidwe kake. Ambiri akafuna kuti keyala ipite kudzanja lamanja amadina batani lalitali lija kambirimbiri mpaka mawu atafika. Pa kompyuta yawo zimaoneka bwino, koma akatsegula pa ina keyala imabalalika, Private Bag uku, Lilongwe uko. Pamwamba pa tsamba pali timabokosi tinayi ta timizere. Koyamba kamakankhira mawu kumanzere, kachiwiri pakati, kachitatu kumanja, kachinayi kamawalinganiza mbali zonse. Sankhani mizere ya keyala, dinani kachitatu, zatheka. Ndipotu makalata ambiri a masiku ano amangoika zonse kumanzere, ndipo palibe bwana amene angakukanizeni ntchito chifukwa cha zimenezo. Mutu wa kalata muunenepetse podina chilembo B cha pamwambapo. Mtundu wa zilembo sankhani umodzi, Times New Roman kapena Arial kapena Calibri, kukula kwake 11 kapena 12, ndipo musausinthenso mpaka pansi. Ndikudziwa kuti munthu akangotulukira kuti muli zilembo zopotanapotana, zofiira, zobiriwira, ndi timaluwa ta m'mbali, mtima umafuna kuika zonse. Zimenezo zisungireni khadi la chinkhoswe. Kalata ya ntchito ikhale ya tsamba limodzi, yoyera, ndipo dzina lanu lilembedwe ndendende mmene lilili pa chiphaso cha unzika ndi pa satifiketi ya MANEB. Phiri wa h ndi Piri wopanda h, kwa wolemba ntchito ndi anthu awiri.

M'thunthumo nenani zanu. Ngati munagulitsapo m'golosale ya azakhali kwa Chinsapo zaka ziwiri ndalama osasowa, lembani zimenezo. Ngati munali msungichuma wa kwaya, lembani. Ngati munaphunzira kuotcherera zitsulo kapena kupala matabwa ku Mchesi, tchulani zimene manja anu anapanga, mafelemu a mazenera kaya zitseko. Chingerezi chanu chikhale chosavuta, ziganizo zifupizifupi zimene mungathe kuziteteza akakufunsani pamaso. Liwu lalitali limene simukulidziwa tanthauzo lidzakuchititsani manyazi m'chipinda cha intavyu. Ndiponso musaiwale kuti kutaipa kumeneku ndi luso loyenera kulitchula pa CV yomweyo. Malo ambiri a ntchito tsopano amafuna kalata ibwere pa imelo, ndipo ngakhale ofunsira malo m'mayunivesite a boma kudzera ku NCHE amalemba mafomu awo pa intaneti.

Kwa olemba m'Chichewa, pali chinthu chimene chidzakudzidzimutseni. Pafupifupi liwu lililonse lidzakhala ndi kamzere kofiira kokhotakhota pansi pake. Simunalakwitse. Pulogalamuyo ikuyerekeza mawu anu ndi mawu a Chingerezi amene ili nawo, ndipo chilichonse chimene sikuchidziwa ikuchitenga ngati cholakwa. Timizere timeneti sitituluka papepala. Koma timasokoneza maso, ndipo choopsa chake n'chakuti munthu amayamba kuvomera mawu amene kompyuta ikumupatsa m'malo mwake, mpaka dzina la mudzi kapena la malemu pa ndondomeko ya maliro n'kusanduka liwu la Chingerezi. Pafoni ndiye zimachitika zokha musanavomere n'komwe. Mu Word, dinani Ctrl ndi A kuti musankhe zonse, pitani pa Review, kenaka Language, muchonge pamene akuti isayang'ane kalembedwe ka mawu. Pafoni, lowani mu Settings za kiyibodi muzimitse chokonza mawu chija. Zikatero udindo wonse wowerenganso uli pa inu, ndipo ndi bwino kuti zikhale choncho. Werengani mokweza, khutu limagwira zimene diso ladumpha.

Nkhodolero musaisiye. Ng'ombe, ng'oma, m'nyumba, pang'ono, batani lake ndi lomwe lija la pafupi ndi Enter. Ndipo kwa amene amafuna w wa kachisoti pamutu, amene ena amamulemba m'dzina la dziko lathu, Malaŵi, pa kiyibodi palibe koma mu pulogalamu alimo. Pitani pa Insert, kenaka Symbol, kenaka More Symbols, mulembe nambala 0175 m'kabokosi ka Character code, atuluka. Wamkulu wake ndi 0174. Mukamuika kamodzi amakhala pafupi, pa mndandanda wa zizindikiro zimene mwagwiritsa ntchito posachedwa. Ndimalakalaka nditaona malamulo a mabanki m'khonde, mfundo za misonkhano ya m'dera ndi zidziwitso za kutchalitchi zambiri zikutaipidwa m'Chichewa chabwino. Amayi amene akusonkha ndalama zawo sabata ndi sabata ayenera kudziwerengera okha malamulo a chiwongoladzanja ndi chindapusa m'chiyankhulo chomwecho chimene adzakangane nacho tsiku logawana.

Tikadali pa mabanki m'khonde pomwepa, mayina ndi ndalama musamazindandalike ndi mipata. Pa Insert pomwe paja pali Table. Sankhani mizati inayi, wa dzina, wa masheya, wa ngongole ndi wa zobweza. Batani la Tab limakudumphitsani kuchoka m'kabokosi kena kupita kena, ndipo mukafika kabokosi komaliza n'kudinanso Tab, mzere watsopano umabwera wokha.

Tisanapite kokapulinta, yang'anani kukula kwa pepala. Mapepala amene timagula m'Malawi muno ndi A4, mamilimita 210 m'lifupi ndi 297 m'litali. Koma makompyuta ambiri amabwera atatcheredwa pa pepala la ku America lotchedwa Letter, lalifupi pang'ono koma lotambalala. N'chifukwa chake nthawi zina malire a m'mbali amatuluka osalingana, kapena pulinta imangoima n'kumaitanitsa pepala limene mulibe. Pitani pa Layout, kenaka Size, musankhe A4, makamaka musanayambe n'kulemba komwe.

Mukamaliza, sungani makope awiri. Loyamba la Word, loti mudzathe kusintha mawa. Lachiwiri la PDF, limene mumalipeza pa Save As pomwe paja posintha mtundu wa fayilo. PDF imasunga tsamba mmene mwalikonzera. Kaya aitsegula pafoni, kaya pa kompyuta ya shopu imene ilibe mtundu wa zilembo zanu, palibe chisunthe. Ya PDF ndi imene muyenera kutumiza kwa olemba ntchito ndi kokapulintitsa. Ndipo ngati n'kotheka itumizeni pa WhatsApp kapena pa imelo ya shopuyo m'malo mobaya fulashi yanu. Makompyuta amene amalandira mafulashi a anthu onse tsiku lonse ndiwo amafalitsa vairasi ija imene imabisa mafayilo n'kusiya timashotikati. Zikakuchitikirani musafulumire kufufuta fulashi yonse. Nthawi zambiri mafayilo amakhala alimo, angobisidwa, ndipo wodziwa atha kuwabweza. Tsamba loyamba likatuluka, liwerengeni muli chiimire pomwepo musanalamule makope 50 a ndondomeko ya ukwati.

Chotsiriza ndi cha pochoka. Ngati munagwiritsa ntchito kompyuta ya eni, fufutani fayilo yanu pamene munaisiya, mukaifufutenso mu Recycle Bin, chifukwa chofufutidwa chimayamba chakhala mmenemo. Tulukani mu imelo yanu podina Sign out. Kutseka tsamba kokha sikukutulutsani, ndipo wobwera pambuyo panu adzapeza makalata anu onse ali poyera. Pa CV pali tsiku lanu lobadwa, nambala ya foni imene ilinso ya Airtel Money kapena Mpamba, mwina ndi nambala ya chiphaso. Zimenezi ndi zomwe akuba a pafoni amafuna kuti akuimbireni ngati akukudziwani. Kuyambira mu 2024 dziko lino lili ndi lamulo loteteza mbiri za anthu, Data Protection Act, ndipo MACRA ndiyo inapatsidwa udindo woliyang'anira. Eni mashopu amene mukundimva, mafayilo a makasitomala si anu. Munthu akamanyamuka mufunseni ngati akufuna muisunge, akakana muifufute iye akuona.